Masoja a m'thupi amafa bwanji? Mafunso ndi mayankho pa za CD4, ma cytokine ndi kachilombo ka HIV

Aliyense amene anakhalapo pa benchi la ku ART, kolandirira ma ARV, kaya ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero kapena ku Chilenje, akudziwa kuti macheza a pamzere amathera pa manambala. Uyu CD4 yakwera, uyo yatsika, winayo viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) sikuoneka koma thupi likungomuphwanya. Timati "masoja anga achepa" ndipo anzathu amagwedeza mutu. Koma wina akafunsa kuti masojawo akufa imfa yanji, akuwapha ndani, pabenchi pamangoti zii. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera m'magulu othandizana muno mu Lusaka. Mayankho ake sakulanda malo a adokotala amene ali ndi fayilo yanu m'manja.

Kodi CD4 imene timayezetsayi ndi chiyani kwenikweni?

CD4 ndi kachizindikiro kamene kali kunja kwa maselo ena oyera a m'magazi, ndipo maselowo anatengera dzina pomwepo. Amabadwira m'kati mwa mafupa, n'kukakhwimira m'kachiwalo kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Dzina loti masoja limatisocheretsa pang'ono, chifukwa iwo kwenikweni ndi akapitawo. Amauza maselo a B kuti apange ma antibody, timapuloteni togwira tizilombo, amadzutsa maselo a CD8 amene ntchito yawo ndi kupha, amalimbikitsanso ma macrophage kuti ameze tizilombo n'kutigaya. Kapitawo akasowa, antchito amakhalapo koma palibe wowauza poyambira.

Munthu wathanzi amakhala ndi maselo amenewa pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini. Akatsika kupyola 200, a zaumoyo amati matenda afika patali, ndipo TB, chibayo ndi matenda oumitsa khosi amalowa mosavuta. Tsoka lake n'lakuti kachizindikiro ka CD4 komweko ndi kamene HIV imagwira polowa m'selo, mothandizidwa ndi kachitseko kachiwiri kotchedwa CCR5 kapena CXCR4.

Chimodzi choyenera kukumbukira: maselo amene amayenda m'magazi ndi pafupifupi 2 okha pa 100 aliwonse. Ambiri amakhala m'matumbo, m'kapamba ndi m'timagulu ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche tomwe tikatupa timati mwanabele. Nambala ya pa khadi lanu ili ngati kuwerenga anthu a ku Kanyama poona amene akudutsa pa Los Angeles Road.

Ndinamva kuti kachilomboka kamadya maselo limodzi ndi limodzi. Si choncho?

Akatswiri ambiri nawonso ankaganiza choncho poyamba, kachilomboka katangopezeka ku Institut Pasteur ku Paris mu 1983. Koma masamu ankakana. Akayang'ana m'magazi a wodwala, maselo amene anali ndi kachilombo kobereka m'kati mwawo anali ochepa kwambiri, pomwe maselo amene ankafa anali miyandamiyanda. Enawo ankawapha ndani?

Lero tikudziwa kuti imfa zake n'zingapo. Selo limene kachilombo kalowamo n'kuyamba kuswana limakhala tsiku limodzi kapena awiri basi. Lina limaphedwa ndi maselo a CD8 akalizindikira. Lina limadzipha lokha mwakachetechete, imfa yotchedwa apoptosis. Liwuli ndi la Chigiriki, limanena za kuyoyoka kwa masamba, ndipo amene analibweretsa m'zachipatala mu 1972 ndi John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie. Selo limafota, limadziduladula, limadzimanga m'timitolo, anzake n'kubwera kudzasesa. Sipakhala phokoso kapena kutupa. Maselo mabiliyoni amafa chotere tsiku lililonse mwa munthu aliyense, ngakhale amene alibe HIV.

Imfa inayo ndiyo yochititsa nthumanzi. Gulu la Warner Greene ndi Gilad Doitsh ku Gladstone Institutes mu San Francisco linaifotokoza bwino m'magazini ya Nature mu 2014. Maselo ambiri a CD4 amakhala ali duu, akupuma. Kachilombo kakalowa m'selo lopuma, kamayamba kukopera uthenga wake kuti ukhale DNA, koma ntchitoyo imathera panjira. Zidutswa za DNA yosamalizikayo zimaunjikana m'selomo. Mlonda wa m'kati, wotchedwa IFI16, akaziona amadzutsa enzyme yotchedwa caspase-1, ndipo selolo limatupa n'kuphulika, kumwaza za m'kati mwake pamodzi ndi mankhwala oitana anzake, makamaka IL-1 beta. Imfa imeneyi dzina lake ndi pyroptosis, kutanthauza kugwa ndi moto. Poyesa pa minofu ya ma tonsil ndi kapamba mu labu, anapeza kuti mwa maselo 100 amene ankafa, pafupifupi 95 ankafa chotere, kachilombo kasanabereke n'komwe mwa iwo.

Cholinga cha selo lophulikalo n'chabwino: likuchenjeza anzake. Koma amene akuthamangira kuchenjezoko ndi maselo enanso a CD4, ndipo akufika pomwe pali kachilombo. Nawonso kawalowa, nawonso aphulika, aitana ena. Amene munakulira ku Katete kapena ku Chadiza mukudziwa zimene anyamata amachita m'chilimwe posaka mbewa. Amayatsa tchire, mbewa zochepa zimagwidwadi, koma udzu wofolerera nyumba wapita, mitengo yaing'ono yapita, ndipo mbewa zambiri zangolowa kuuna kudikira kuti moto udutse.

Palinso maselo ena amene kachilombo sikanawakhudze n'komwe, koma chifukwa chodzutsidwa usana ndi usiku kwa zaka, amatopa, amaleka kumva malamulo, kenako amafa ndi apoptosis. Munthu wosamwa mankhwala amataya maselo pafupifupi 50 mpaka 100 pa chaka pa nambala yake ija, ndipo ambiri amafika pa Edzi pakatha zaka 8 mpaka 10.

Nanga ma cytokine ndi chiyani? Liwuli tinalimva nthawi ya Covid.

Ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene maselo amatumizirana ngati uthenga. Maselo alibe pakamwa, choncho selo likaona mdani limatulutsa timapuloteniti, ena akatilandira amadziwa chochita: bwerani, chulukanani, iphani, kapena bwererani kwanu, nkhondo yatha.

Taganizani usiku m'komboni wina akakuwa kuti "Kawalala!" Zitseko zimatseguka, agalu akuuwa, anthu atuluka ndi mipini. Kukuwa kumeneko n'kothandiza, wakuba amathawa kapena kugwidwa. Koma kukuwako kutapanda kuleka, usiku uliwonse, chaka ndi chaka, palibe angagone, ana sangapite kusukulu, ndipo tsiku lina adzamenyedwa munthu wosalakwa wochokera ku ntchito ya usiku. HIV imasiya thupi likukuwa chotero.

Mayina ake ndi ambiri, koma ochepa awa ndi amene muzikumana nawo. Interferon, amene anapezeka ku London mu 1957, amachenjeza maselo oyandikana kuti atseke makomo. IL-1, IL-6 ndi TNF ndi amene amauza ubongo kuti utenthetse thupi. Kuphwanya m'thupi, kusafuna chakudya ndi tulo tosatha pamene mukudwala zimachokera kwa iwo. IL-2 imauza maselo a T, omwe ndi a CD4 ndi a CD8 aja, kuti achulukane, IL-7 imawasunga amoyo, ndipo IL-10 ndi mkulu woletsa ndewu. TNF ili ndi mbiri yake yowawa kwa ife: ikachuluka kwa nthawi yaitali imasungunula mnofu ndi mafuta, moti dzina lake lina linali cachectin, la kuwonda. Kaliwondewonde amene tinamuona m'ma 1980 ndi m'ma 1990 anali ndi dzanja la TNF m'kati mwake, pamodzi ndi kutsegula m'mimba kosatha ndi TB. Choipitsitsa n'chakuti TNF yomweyo ikafika pa selo limene muli HIV yogona, imadzutsa makina a m'selomo amene kachilomboka kamagwiritsa ntchito pobereka.

Ndinadwala ngati malungo, koma atandiyeza anati si malungo. Patapita miyezi anandipeza ndi HIV. Zikugwirizana?

Zitha kugwirizana. Pakatha masabata 2 mpaka 4 munthu atatenga kachilomboka, kamachulukana kwambiri ndipo thupi limakhuthula ma cytokine ngati mvula ya mu Januwale: interferon, IL-15, TNF ndi ena. Munthu amatentha thupi, pakhosi pamawawa, mwanabele amatuluka, ena amachita tizilonda m'kamwa kapena totupa pakhungu. Pakapita sabata kapena awiri zimatha zokha, munthu n'kumati chinali chimfine. Ena samva kalikonse.

Nthawi imeneyi kachipangizo koyezera pachala katha kuonetsa kuti mulibe, chifukwa kamafufuza ma antibody amene thupi silinamalize kupanga. N'chifukwa chake amakuuzani kuti mubwerenso. Ndi nthawi yomweyonso imene munthu amapatsira mnzake mosavuta. Ndipo ngati mukukayikira kuti mwakhudzana ndi kachilomboka dzulo kapena dzana, mankhwala a PEP, oteteza kuti kasakhazikike m'thupi, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.

Bwanji nkhani ya matumbo imabwerabwera? HIV si ya m'magazi?

Nkhondo yaikulu yoyamba imachitikira m'matumbo. Kumeneko n'kumene kuli khamu la maselo a CD4 okhala ndi kachitseko ka CCR5, ndipo kafukufuku wa mu 2004 anaonetsa kuti gawo lalikulu la iwo limatha m'masabata oyambirira, nambala ya m'magazi isanagwe kwenikweni. Pakati pa ophedwawo pali mtundu wotchedwa Th17, umene umatulutsa IL-17 ndi IL-22 zosamalira khoma la matumbo. Iwo akachepa, khoma limachita ming'alu yosaoneka ndi maso, ndipo zidutswa za mabakiteriya a m'matumbo zimadontha kulowa m'magazi. Jason Brenchley ndi Daniel Douek anaonetsa zimenezi mu 2006 poyeza chidutswa chotchedwa LPS m'magazi a anthu okhala ndi HIV. Thupi likaona LPS limaganiza kuti kwalowa adani ena, kukuwa kuja n'kuwonjezeka.

Ife a mu Lusaka nkhaniyi ikutikhudza kawiri. Gulu la Paul Kelly pa sukulu ya zaudokotala ya UNZA lakhala likufufuza matumbo a anthu a ku Misisi kwa zaka zambiri, ndipo linapeza kuti ambiri, ngakhale opanda HIV, khoma lawo la matumbo ndi losintha kale chifukwa chokhalira kumeza tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya. Ndiye madzi owiritsa kapena othira klorini si a nthawi ya kolera yokha. Kwa munthu wokhala ndi HIV, ndi kuchepetsa nkhuni pamoto.

Ndi zoona kuti kuli anyani amene ali ndi kachilombo kotere koma sadwala?

Ndi zoona, ndipo ena mwa iwo ndi apusi omwe aja amaba chimanga m'minda n'kulanda zakudya alendo ku Mfuwe. Apusi ambiri akuluakulu a m'tchire ali ndi kachilombo kachibale ka HIV kotchedwa SIV. Kamachuluka m'magazi mwawo ngati mmene kamachitira mwa munthu wosamwa mankhwala, koma safika pa Edzi. Chimodzimodzi anyani a ku West Africa otchedwa sooty mangabey. Akangotenga kachilomboko, interferon amakwera monga mwa ife, koma pakatha masabata angapo thupi lawo limatontholetsa kukuwako, ndipo khoma la matumbo limakhala lolimba. Anyani a ku Asia otchedwa rhesus macaque, amene sanakhale ndi kachilomboka kuyambira makedzana, akapatsidwa SIV amadwala n'kufa ngati anthu.

Kwa ine umenewu ndiwo umboni womveka koposa wakuti chimene chimagwetsa munthu si kuchuluka kwa kachilombo kokha, komanso mmene thupi likuyankhira. Musawaope apusiwo: HIV-1 inachokera kwa achimpanzi a kum'mwera chakum'mawa kwa Cameroon, n'kufalikira kudzera ku Kinshasa zaka pafupifupi 100 zapitazo.

Viral load yanga alemba TND. Ndiye kuti moto wazima?

Malawi azima, ndipo chimenecho n'chachikulu. TND ikutanthauza kuti makina sanakapeze kachilomboko m'magazi anu. Kachilombo kakaleka kulowa m'maselo atsopano, kuphulika kuja kumachepa kwambiri, ma cytokine amatsika, CD4 imayamba kukwera, ndipo simungapatsire mnzanu pogonana. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti akuluakulu 11 pa 100 aliwonse mu Zambia ali ndi HIV, ndipo mwa amene akumwa mankhwala, 96 pa 100 kachilombo kanagonja.

Koma aliyense wophika pa mbaula akudziwa kuti pansi pa phulusa pamatsala makala ofiira. Anthu ambiri amene ali pa ma ARV, IL-6 ndi zizindikiro zina za kutupa zimakhalabe zokwererapo poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo opanda HIV. Zifukwa zake zilipo zingapo: kachilombo kobisala m'maselo kamatulutsabe tizidutswa, khoma la matumbo silichira lonse, ndipo tizilombo tina timene pafupifupi tonse tili nato kuyambira ubwana, monga CMV, timapitiriza kutekenya chitetezo.

Amene anayamba mankhwala msanga makala awo amakhala ochepa. Kafukufuku wa START mu 2015 anayerekeza anthu oyamba mankhwala CD4 ili pamwamba pa 500 ndi odikira kuti itsike kufika 350, ndipo oyamba msangawo matenda aakulu ndi imfa zinachepa ndi 57 pa 100. Akuluakulu athu amakumbukira nthawi imene ankabwezedwa kuti "CD4 yanu ikadali bwino, mubwerenso." Nthawi imeneyo inapita, kuyambira 2017 boma linalengeza kuti wopezeka nako ayambe pomwepo.

Zaka zitatu ndili pa ma ARV a TLD osaphonya, viral load sikuoneka, koma CD4 yakanirira pa 280. Ndikulakwitsa pati?

Mwina simukulakwitsa paliponse, amayi. Ambiri CD4 imakwera ndi 50 mpaka 150 chaka choyamba, kenako pang'onopang'ono. Koma pali ena, makamaka amene anayamba mankhwala nambala ili pansi kwambiri ndiponso achikulire, amene imakwera pang'ono n'kuima.

Chifukwa china chili m'timagulu ta mwanabele tija. Kutupa kwa zaka zambiri kumachititsa cytokine yotchedwa TGF-beta kuunjika zipsera m'kati mwake, monga chilonda chikapola chimasiya khungu louma. M'timagulu timeneti n'mmene maselo a CD4 amakalandira IL-7 yowasunga amoyo, ndiye njira zikatsekedwa ndi zipsera, maselo atsopano amafa ndi njala. Thymus nayonso imafota munthu akamakula, moti wazaka 50 sangapange maselo atsopano ngati mwana wazaka 10. Onjezanipo kuti CD4 imasinthasintha ndi nthawi ya tsiku, ndi chimfine, ngakhale ndi makina oyezera.

Kusintha mankhwala viral load ili bwino sikukweza CD4. Chothandiza ndi kudziteteza pamene mukudikira: Septrin, woteteza ku chibayo ndi matenda ena, ngati akupatsani, mankhwala oteteza TB, ndi kuyezetsa khomo la chiberekero, poti amayi okhala ndi HIV khansa imeneyi imawagwira mowirikiza pafupifupi ka 6. Septrin musamupeputse poti ndi wotchipa. Kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha UTH pompano, motsogozedwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake, anaonetsa mu 2004 kuti mankhwalawa anachepetsa imfa za ana okhala ndi HIV ndi 43 pa 100, ndipo dziko lonse lapansi linatengerapo phunziro.

Nanga ma booster amene akugulitsidwa m'tauni ndi pa WhatsApp, oti amakweza chitetezo?

Apa ndilankhula mosapsatira. Ngati mwatsatira bwino nkhaniyi, mwaona kuti chitetezo cha munthu wokhala ndi HIV sichinagone ayi, chikuthamanga mopitirira muyeso mpaka kudzivulaza. Ndiye wina akabwera ndi botolo la K500 n'kunena kuti likadzutsa chitetezo chanu, mufunseni kuti likadzutsa mbali iti.

Nkhani ya IL-2 ndi yophunzitsa. Madokotala anaganiza kuti poti IL-2 imachulukitsa maselo a T, kubaya anthu jakisoni wake pamodzi ndi ma ARV kungathandize. Anayesa pa anthu oposa 5,800 m'mafukufuku awiri, ESPRIT ndi SILCAAT, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. CD4 inakweradi bwino lomwe. Koma matenda ndi imfa sizinachepe ngakhale pang'ono, ndipo ambiri anavutika ndi zotsatira za jakisoniyo. Maselo anachuluka pa pepala, koma sanali ogwira ntchito. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mankhwala enieni amene anakwezadi nambala analephera chotero, ufa wosadziwika wa m'chikwama cha munthu wa pa basi ungachite chiyani?

Chamwamba, bondwe, chibwabwa, nyemba, kapenta, mazira, idyani ndithu, chimenecho ndi chakudya. Koma samalani ndi mapiritsi a calcium, a iron ndi mankhwala a m'mimba okhala ndi magnesium kapena aluminium, chifukwa amagwira dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a mu TLD, m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Uzani a ku pharmacy chilichonse chimene mukumwa kuti akuuzeni maola otalikitsa.

Ngati vuto ndi kutupa, bwanji osangomwa Brufen tsiku lililonse?

Ayi, abambo, musayerekeze. Brufen ndi diclofenac sazimitsa kutupa kwa mtundu umenewu, ndipo akamwedwa nthawi yaitali pamodzi ndi tenofovir amene ali mu TLD amatha kuononga impso. Prednisolone wogula nokha ndiye woopsa koposa, amatha kudzutsa TB yogona.

Achimwene anga atangoyamba ma ARV anadwala kwambiri kuposa kale. Abale akuti mankhwala awakana. Zoona?

Nthawi zambiri zimenezi ndi zimene madokotala amati IRIS, kutupa kobwera chitetezo chikamadzukanso, ndipo ndi ma cytokine omwewa. Munthu CD4 ikatsika kwambiri, tinene pansi pa 100, TB kapena tizilombo ta cryptococcus, toyambitsa matenda oumitsa khosi, titha kukhala m'thupi popanda wotilonda, ndiye zizindikiro zimakhala zochepa. Mankhwala akayamba kugwira, chitetezo chimadzuka, chimapeza adani ali ponseponse m'nyumba, n'kukhuthula interferon-gamma, TNF ndi IL-6 nthawi imodzi. Thupi limatentha, mwanabele amatupa mpaka kuchita mafinya, chifuwa chimakula, ena mashingozi amatuluka. Kawirikawiri zimachitika m'miyezi itatu yoyamba. Walira mvula walira matope.

N'chifukwa chake munthu wa CD4 yochepera 200 amamuyeza mkodzo kufufuza TB ndi magazi kufufuza cryptococcus asanapite patali. Wopezeka ndi TB amayamba mankhwala a TB, ma ARV n'kutsatira pasanathe masabata awiri. Koma wopezeka ndi cryptococcus mu ubongo amamudikiritsa masabata 4 mpaka 6, chifukwa kutupa m'kati mwa chigaza kulibe kothawira. Ku Cape Town, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anaonetsa kuti prednisone woperekedwa ndi dokotala kwa odwala TB a CD4 yotsika anachepetsa IRIS ndi 30 pa 100.

Choti banja lichite ndi kuwabweza kuchipatala tsiku lomwelo, osati kuwasiyitsa mankhwala kapena kuwatengera kumudzi. Mutu wowawa kwambiri, kuuma khosi, kusanza, kubwebweta, kukomoka kapena kubanika, zimenezo si zodikira tsiku la pa khadi.

Ndingayezetse ma cytokine anga kuti?

Pa kiliniki sayeza, amayezedwa m'malabu a kafukufuku, ndipo ngakhale mutaidziwa nambala ya IL-6 yanu palibe chimene adokotala angasinthe. CRP, imene chiwindi chimapanga IL-6 ikachilamula, imayezedwa m'zipatala zambiri, koma imakwera ndi chilichonse, ngakhale dzino lobooka. Ndalama ndi nthawi yanu ziike pa viral load, impso, BP ndi shuga.

BP ndi mtima zikubweramo bwanji?

Kutupa kwa pansipansi kwa zaka zambiri kumakanda m'kati mwa mitsempha ya magazi, mafuta n'kumakanirira pomwepo, magazi n'kumaundana msanga. Anthu okhala ndi HIV amadwala mtima ndi sitiroko mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo. Tsopano poti tikukalamba ndi kachilomboka, chinthu chimene m'ma 1990 palibe ankachilota, nkhaniyi yafika pakhomo. Kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu 7,769 a zaka 40 mpaka 75 m'maiko 12, anaonetsa mu 2023 kuti piritsi la pitavastatin tsiku lililonse linachepetsa matenda aakulu a mtima ndi mitsempha ndi 35 pa 100. Ngati mwapyola zaka 40, funsani adokotala ngati mankhwala a gulu la statin akukuyenerani.

Zina zili m'manja mwanu. Fodya ndiye woyamba. Munthu amene viral load yake sikuoneka koma akusuta, fodyayo atha kumudula zaka zambiri kuposa kachilomboko. Kachasu ndi mowa wa tsiku ndi tsiku zimawonjezera ming'alu ya m'matumbo ija n'kulemetsa chiwindi. Matenda aliwonse osachiritsidwa, kaya chindoko, likodzo, hepatitis B kapena malungo amene mwabwera nawo kuchokera kumudzi, ndi chikuni china pamoto. Mankhwala oteteza TB a 3HP ndi kamodzi pa sabata kwa masabata 12 basi. Ndipo poti ena dolutegravir amawanenepetsa, kuyenda wapansi kuchoka pa siteshoni kukafika kunyumba kuli ndi phindu lake.

Asayansi a ku San Francisco aja sanapeze mankhwala oletsa maselo kuphulika?

Mu labu anaonetsa kuti mankhwala otchedwa VX-765, otsekereza caspase-1, amaletsa pyroptosis pa minofu ya ma tonsil ndi kapamba ija. Koma sanavomerezedwe kuti azipatsidwa kwa anthu okhala ndi HIV, ndipo simungawapeze pa pharmacy iliyonse.

Ndatopa ndi mapiritsi. Ndikumva bwino, CD4 ili 700. Sindingapumeko miyezi ingapo kuti thupi lipume?

Kutopako n'komveka, ndipo si inu nokha. Madokotala nawonso anafunsapo funso lomweli, poganiza kuti kupumira kungachepetse zovuta za mankhwala. Kafukufuku wa SMART anatenga anthu 5,472 m'maiko 33. Ena ankamwa mosalekeza, ena ankasiya CD4 ikakhala pamwamba pa 350 n'kuyambiranso ikatsika pa 250. Mu Januwale 2006 anauimitsa nthawi isanakwane, chifukwa opumirawo ankadwala matenda aakulu kapena kufa mowirikiza kuposa kawiri. Chimene chinadabwitsa onse n'chakuti sanali matenda a Edzi okha: mtima, impso ndi chiwindi nazonso zinavutika. Atabwerera ku magazi amene anasunga, anapeza kuti amene IL-6 ndi D-dimer (chizindikiro cha kuundana kwa magazi) zawo zinali zokwera ndi amene ankafa kwambiri. Thupi silipuma mukasiya mankhwala. Mpamene limayambiranso kukuwa.

Kachilomboka kamadikira m'maselo a CD4 okumbukira, amene amakhala zaka zambiri ali chigonere, uthenga wake utalukidwa m'kati mwa DNA ya selolo momwe mankhwala safika. Gulu la Robert Siliciano ku Johns Hopkins mu Baltimore linawerengera kuti nkhokwe imeneyi imachepa ndi theka pa miyezi 44 iliyonse, kutanthauza zaka zoposa 70 kuti ithe. Ambiri akasiya mankhwala, kachilombo kamaonekanso m'magazi pakatha masabata 2 mpaka 4.

Muno mu Zambia tili ndi mboni yathu. Winstone Zulu, amene mu 1990 anakhala woyamba kuulula poyera kuti ali ndi HIV, anasiya ma ARV mu 2000 atakopeka ndi anthu amene ankaphunzitsa kuti HIV siyambitsa Edzi. Patatha zaka ziwiri anali atadwala kwakayakaya. Anayambiranso mankhwala, anadzuka, ndipo nkhaniyi ankainena yekha kulikonse kumene ankapita mpaka pamene anamwalira mu 2011.

Ngati chikukutopetsani ndi mzere, pemphani mankhwala a miyezi 6, amaperekedwa kwa amene viral load yawo ili bwino. Ngati ndi kusowa tulo, chizungulire kapena kunenepa, nenani, nthawi yomwera kapena mtundu wa piritsi zitha kusintha. Ngati ndi kusala kudya kwa kutchalitchi, piritsi la TLD limamwedwa ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Ndipo maliro akakugwerani mwadzidzidzi ku Lundazi kapena ku Petauke, botolo n'kuthera komweko, tengani botolo lopanda kanthulo ndi khadi lanu la SmartCare, mukalowe pa kiliniki ya boma imene ili pafupi, mukawauze asisita kuti ndinu mlendo wochokera ku Lusaka ndipo mankhwala akutherani.